Mtsinje wouma ulera bwanji mbalame?

Funso: Ndinamva kuti mtsinje wa Cooper Creek ku Australia umaphwa kwa miyezi yambiri, komabe kumakhala mbalame zochuluka. Zimatheka bwanji?

Yankho: Madzi ake amachokera kutali, ku mvula yogwa ku Queensland, kudzera m'mitsinje ya Thomson ndi Barcoo. Deralo ndi lathyathyathya, choncho madzi amayenda mwaulesi, n'kumwazikana m'timakwawa tambirimbiri mpaka kudzaza madambo a Coongie Lakes, omwe analowa m'pangano loteteza madambo la Ramsar mu 1987. Nsomba zomwe zinapulumukira m'maiwe akuya osaphwa zimaswana msangamsanga, avuwo n'kukhamukirako kukadya ndi kuikira mazira.

Zoti madziwo afike kunyanja ya Eyre, komwe mtsinjewu umathera, n'zapatalipatali, monga zinachitikira mu 1974 ndi 2010. Zaka zambiri dzuwa ndi mchenga zimawamwa ali panjira.