Malangizo kwa Ophunzira a ku Phalombe Amene Akukayamba Koleji

Mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite aboma akatuluka, ku Migowi, ku Chiringa ndi ku Nkhulambe kumamveka nthungululu. Makolo amene anagulitsa nandolo, mpendadzuwa kapena mbuzi kuti mwana alembe mayeso a MSCE amaona kuti thukuta lawo silinapite pachabe. Komatu kusankhidwa ndi chiyambi chabe. Ku sekondale belu limakudzutsani, aphunzitsi amakulemberani notsi pa bolodi, ndipo mukajomba ahedi amaitanitsa makolo. Ku koleji kulibe wokulondolani. Ana ena anzeru ndithu amabwerera kumudzi chaka choyamba chisanathe chifukwa sanadziwe malamulo a pamalopo, ndipo anachita manyazi kufunsa. Malangizo awa ndi oti zimenezo zisakuchitikireni.

1. Tsimikizani za koleji musanalipire tambala.
Bungwe la NCHE ndilo limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira ku mayunivesite aboma: UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre, LUANAR ku Lilongwe, MZUNI ku Mzuzu ndi MUST ku Thyolo. Akumudzi amatchulabe Chanco ndi Poly, koma kuchokera mu 2021 pamene yunivesite yakale ya Malawi inagawidwa, Chanco ndiyo UNIMA ndipo Poly ndiyo MUBAS. Konkuno kwathu tili ndi koleji ya aphunzitsi ya Phalombe TTC ndi ya anamwino ndi azamba ya Holy Family. Ngati mukupita ku koleji yomwe si yaboma, onani kaye ngati kolejiyo komanso maphunziro amene mukufunawo ali pa mndandanda wa ovomerezeka ndi NCHE. Wina akakuimbirani foni kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti akupezereni malo, dziwani kuti ndi wakuba. Fizi imalipidwa ku akaunti ya koleji, ndipo risiti mumasunga.

2. Sonkhanitsani mapepala anu nthawi ikadalipo.
Pamafunika kalata yokuitanani ku koleji, satifiketi ya MSCE kapena chikalata cha zotsatira zanu, chiphaso cha unzika, zithunzi zazing'ono za nkhope ndi risiti ya ku banki. Yang'anitsitsani kuti dzina lanu lalembedwa mofanana pa mapepala onse, chifukwa chilembo chimodzi chosiyana chimatha kukuyendetsani maulendo ambiri. Ife a ku Phalombe tikudziwa zimene madzi amachita: namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola nyumba ndi zonse za m'kati mwake. Choncho kulungani mapepalawo mu pulasitiki, ajambuleni pa foni, ndipo fotokope imodzi musiye kwa wachibale wodalirika.

3. Pemphani ngongole ya sukulu msanga.
Bungwe la HESLGB, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, limabwereketsa ophunzira osowa ndalama za fizi ndi zodzisamalira. Kusankhidwa ku yunivesite sikutanthauza kuti ngongoleyo mwapatsidwa kale. Mumayenera kupempha nokha, m'nyengo imene bungwelo lalengeza, ndi umboni woona wa mmene pakhomo panu palili. Musaname pa fomu. Ndalamayi si mphatso: mudzabweza mukamaliza, kuti mng'ono wanu nayenso adzathandizike. Ndipo popeza nthawi zina imachedwa kufika, kambiranani ndi makolo ndi amalume za ndalama ya mwezi woyamba musanakwere minibasi.

4. Sabata ya orientation musaiphonye.
Iyi ndi sabata yoyamba imene oyamba kumene, omwe anzawo amawatcha mayaro, amasonyezedwa malo ndi malamulo. Ndi nthawi yomweyi imene mumachita rejisitireshoni, kutanthauza kulembetsa dzina lanu ndi maphunziro amene mutenge. Wosalembetsa sawerengedwa ngati wophunzira ngakhale azilowa m'kalasi tsiku ndi tsiku. Mupatsidwa nambala yanu. Ilowezeni pamtima, chifukwa ndiyo mudzalemba pa mayeso onse. Dziwaninso makomo atatu. Kwa Registrar ndi kwa za mayina, makalata ndi zotsatira. Kwa Dean of Students ndi kwa mavuto a malo ogona, matenda, maliro ndi kusowa ndalama. Kwa mkulu wa dipatimenti ndi kwa za maphunziro anu enieni.

5. Mvetsani mmene malikisi amawerengedwera.
Ku yunivesite chaka chimagawidwa pawiri, ndipo gawo lililonse ndi semesita, ya miyezi pafupifupi inayi. Phunziro lililonse, lomwe ena amati kosi ena mojulo, limayamba ndi kutha m'semesita yomweyo. Palibe zodikira zaka ziwiri ngati za MSCE. Tsiku loyamba mphunzitsi amapereka pepala losonyeza mitu yonse, mabuku oti muwerenge ndi masiku a mayeso. Limateni pachikuto cha kope lanu. Malikisi anu amachokera mbali ziwiri: mayeso otsiriza, ndi ntchito za m'kati mwa semesita monga maasainimenti ndi mayeso apakati, zimene amazitcha CA. M'maphunziro ambiri CA imatenga pafupifupi 40 pa 100, kwina kuposa apo. Choncho asainimenti ya sabata yachitatu, imene mnzanu akuti ndi yaing'ono, ndi gawo la digiri yanu. Semesita ili ngati munda wa chimanga m'mwezi wa Januwale: mukadumpha kupalira koyamba, udzu simuupezanso.

6. Dziwani zimene zimachitika munthu akalephera.
Mawu awa mudzawamva kwambiri. Sapu ndi mayeso achibwereza amene amaperekedwa kwa amene walephera pang'ono phunziro limodzi kapena angapo. Carry over ndi kupitirira nalo phunziro lolepheralo ku chaka chotsatira, pamwamba pa maphunziro atsopano. Kubwereza chaka kumadza mukalephera zambiri, ndipo kuwididwa ndi kuchotsedwa sukulu kumene. Malire a zonsezi amasiyana koleji ndi koleji, ndiye werengani buku la malamulo la pamalo panu, osadalira zomva m'maluwa. Mukadwala kapena kukagwa zovuta kumudzi nthawi ya mayeso, musangonyamuka. Lembani kalata, perekani umboni wa kuchipatala, ndipo mupemphe kudzalemba nthawi ina. Wongosowa osatsanzika amalembedwa kuti walephera.

7. Dzipangireni belu lanu.
Padzakhala masiku amene kalasi ndi imodzi yokha m'mawa. Maola otsalawo si opuma, ndi a ku laibulale. Lembani ndondomeko ya sabata yonse, yosonyeza nthawi ya kalasi, yowerenga, yophika, yochapa ndi yopemphera. Mphunzitsi akamalankhula musayese kulemba liwu lililonse. Gwirani mfundo zikuluzikulu, ndipo madzulo a tsiku lomwelo muzilembenso bwino m'mawu anu. Kenako tsekani kope n'kudzifunsa zimene mwaphunzira. Pamene mwakakamira ndi pamene muyenera kubwereza. Kuchezera usiku wonse mawa kuli mayeso kumangotopetsa mutu.

8. Funsani, ngakhale Chingerezi chikuvuteni.
Amene mwachokera ku CDSS mudzakhala m'kalasi limodzi ndi ochokera ku sukulu zotchuka za m'tauni, olankhula Chingerezi chothamanga, odziwa kale kompyuta. Musadziderere. Munalemba mayeso amodzimodzi a MANEB ndipo munakhoza, mwinanso popanda labu kapena magetsi. Khalani kutsogolo, kwezani dzanja, ndipo mukalephera kufunsa pagulu pitani ku ofesi ya mphunzitsi pa nthawi imene anaika. Safunsa adadya phula. Pezani anzanu atatu kapena anayi akhama oti muzikambirana nawo mapepala a mayeso akale. Ngati simunagwirepo kompyuta, pitani ku chipinda cha makompyuta mwezi woyamba womwewo, muphunzire kutayipa ndi kutumiza imelo.

9. Musakope ntchito ya wina.
Kutenga mawu a m'buku, a pa intaneti kapena a mnzanu n'kuwapereka ngati anu ndi mlandu waukulu wotchedwa plagiarism. Chilango chake chimayambira pa kupatsidwa ziro mpaka kuchotsedwa sukulu. Mukagwiritsa ntchito ganizo la wolemba wina, tchulani dzina lake ndi chaka cha bukulo monga adzakuphunzitsireni. Likasa m'chipinda cha mayeso ndiye musaliyerekeze n'komwe.

10. Samalani ndalama ndi thupi lanu.
Malo ogona pasukulu sakwanira, ndiye ambiri amachita lendi kunja, monga ku Chikanda ku Zomba. Onani nyumba ndi maso anu musanalipire: loko, madzi, chimbudzi ndi mtunda woyenda usiku. Ndalama ikafika, patulani kaye ya lendi ndi ya chakudya. Thumba la ufa, nyemba, nandolo ndi matemba a ku Chilwa zochokera kumudzi zidzakupulumutsani, makamaka mukamaphikira limodzi ndi mesho wanu, mnzanu wogona naye chipinda chimodzi. Thawani katapila, mowa ndi kubetcha pa mpira. Atsikana, munthu aliyense wofuna thupi lanu posinthana ndi malikisi kapena ndalama akulakwira malamulo. Sungani mauthenga ake ndipo kanenezeni kwa Dean of Students. Mtima ukalemera mpaka tulo kusowa, uzani mlangizi wa pasukulu, abusa kapena mnzanu wapamtima.

11. Ntchito ya kumalo muitenge ngati mayeso.
A ku TTC, m'maphunziro anu muli nyengo yokaphunzitsa ku pulayimale, ndipo aphunzitsi anu amabwera kudzakuonani muli kutsogolo kwa ana. A ku Holy Family, mawodi ndi kalasi lanu lachiwiri, ndipo pamapeto pali mayeso a khonsolo ya anamwino ndi azamba amene amakupatsani chilolezo chogwira ntchito. Fikani pa nthawi yake, valani moyenera, ndipo buku losainitsa musalitaye.

12. Mukabwera ku holide, tsegulirani ena njira.
Pitani ku sukulu imene munachokera mukacheze ndi a Fomu 4. Auzeni maphunziro amene amafunika pa kosi iliyonse, asonyezeni kalembedwe ka fomu ya NCHE ndi ya ngongole, ndipo muwasiyire nambala yanu ya foni kuti akadzasankhidwa adzakhale ndi wowalandira pa depoti.