Mwana wanu akafuna kupanga maroboti othandiza olemala

Sabata ino tiwerenga Eksodo 31:1-5 ndi Marko 2:1-12. Tsegulani Baibulo lanu musanapitirize.

Makolo ena akudandaula. Mwana munamutumiza ku yunivesite kukaphunzira computer science kuti akapeze nchito ku banki, manje tsiku lonse ali pa mawaya ndi timamota, ati afuna kupanga makina othandiza olemala. Ena mumpingo afika ponong'ona kuti kumeneko n'kucepa cikhulupiriro, poti Yesu amaciritsa. Inde amaciritsa, ndipo sitidzaleka kusanjika manja pa odwala. Koma taonani Bezaleli. Sanali wansembe, sanali mneneri. Mulungu anamudzaza ndi Mzimu wake kuti agwire nchito ya golide, siliva, mkuwa, miyala ndi matabwa. Mzimu amene timamuitana pa overnight ndi yemweyo amene anaphunzitsa munthu uyu luso la manja.

Mwana wanuyo afuna kupanga ciyani kwenikweni? Mu 1997, injiniya wa ku Israel, Amit Goffer, anacita ngozi ndipo anafa ziwalo. Pambuyo pake anapanga ReWalk, cida cimene munthu wofa miyendo amavala ngati buluku lacitsulo. Cili ndi mamota m'ciuno ndi m'mawondo, batire, ndi kakompyuta. Munthu akaweramira kutsogolo pang'ono, sensa imamva, pulogalamu imauza mota kuti iponye mwendo. Pulogalamu imeneyo ndiyo nchito ya wophunzira computer science, ndipo akalakwitsa mzere umodzi munthu amagwa pansi. Mu 2014 boma la America linavomereza kuti anthu azigwiritsa nchito cidaci kunyumba.

Apa ndi pamene pamandigwira mtima: Goffer mwiniwake sanathe kuyendera ReWalk, cifukwa cimafuna munthu wa manja amphamvu ogwira ndodo, ndipo manja ake analibe mphamvuzo. Anacipangira ena.

Ku Kaperenao anthu anayi ananyamula wofa ziwalo pa mphasa, napeza khomo lodzaza, nasasula denga. Zinafunika mapewa, nzeru, ndi munthu wolimba mtima kuononga denga la eni ake. Marko akuti Yesu anaona cikhulupiriro cao. Anacionera pati? Pa nchito imene anagwira kuti mnzao afike.

Makina ngati ReWalk ndi odula kwambiri, amafuna magetsi, ndipo sanapangidwe poganizira njira zathu zamiyala za mu komboni kapena load shedding. Koma pali njira zina. Kalipentala wa ku South Africa, Richard Van As, anaduka zala pa nchito mu 2011. Pamodzi ndi Ivan Owen wa ku America anapanga dzanja la pulasitiki losindikiza pa 3D printer. Lilibe batire: munthu akapinda mkono, zingwe zimakoka zala n'kugwira cinthu. Zotere mwana wa ku UNZA kapena CBU angazipange, ndipo iye ndiye adziwa fumbi la kuno.

Inu amai ndi atate, sabata ino khalani naye pansi, mumufunse kuti akuonetseni cimene akupanga, ngakhale simudzamvetsa zonse. Iwe wophunzira, usapange cinthu cako wekha m'cipinda. Pita kwa m'bale kapena mlongo amene amabwera ku chalichi pa wheelchair, umufunse mwaulemu cimene cimamuvuta kwambiri pa tsiku. Mwina adzakuuza za sitepe ya pakhomo la chalichi cathu comwe. Ulembe zimene akuuze, ubwere nazo ku cell group Lacitatu tidzazipempherere.