Lamba Akamaterereka pa Pule ya Supachaja

Ntchito imeneyi imakonda kubwera motere. Mwini galimoto wagula pule yaing'ono ya supachaja, inu mwachotsa yakale n'kuika yatsopanoyo, galimoto yatuluka pagalaja ikukoka bwino. Pakapita masabata angapo yabwerera. Akuti marevu akakwera imalira mokwiyitsa kutsogoloku, ndipo mphamvu zija zimathera panjira. Mmisiri amene sanaizolowere ntchitoyi amathamangira kukunga lamba. Musayambire pamenepo. Lamba amagwira chifukwa cha mmene wakulungira pule, ukhondo wake ndi kulunjika kwa njira yake. Kukunga kumabwera pambuyo pa zonsezi, ndipo kuli ndi malire.

Supachaja ndi pampu yokankhira mpweya wochuluka mu injini, ndipo imazunguzidwa ndi lamba wochokera ku pule ya kilankishafiti. Nditenga chitsanzo cha Mini Cooper S ya mtundu wa R53, yopangidwa kuyambira 2002 mpaka 2006, imene ili ndi supachaja ya Eaton M45 ndi lamba wa nthiti 6. Zambiri zimene ndinene zikukhudzanso ma Mercedes olembedwa Kompressor amene timawaona m'misewu yathu.

Pule imene R53 imabwera nayo ndi ya mamilimita pafupifupi 65, ndipo anthu ambiri amaisintha ndi yocheperako ndi 15 peresenti. Masamu ake ndi awa: pule ikachepa ndi 15 peresenti, supachaja imathamanga kwambiri ndi pafupifupi 18 peresenti. Pamenepo lamba wapanikizidwa mbali zitatu nthawi imodzi. Supachaja ikufuna mphamvu zambiri chifukwa ikupopa mpweya wambiri. Pule yaing'ono imafunanso kukokedwa mwamphamvu kuti izungulire, monga mmene sipanala yaifupi imakuvutitsirani pa bawuti. Ndipo malo amene lamba akukhudza chitsulo achepa. Mwamuwonjezera katundu, mwamuchepetsera pogwira.

1. Tsimikizirani kaye kuti vuto ndi lamba. Mangani geji ya busiti, kutanthauza geji yoyeza kupanikizika kwa mpweya umene supachaja ikukankha, ndipo mnzanu aziwerenga inu mukuyendetsa pamsewu wopanda anthu, pa giya imodzi, kuyambira marevu otsika mpaka okwera. Supachaja ya mtundu wa Roots, ngati Eaton imeneyi, imapereka busiti msanga n'kuigwiritsa mpaka pamwamba. Singano ikakwera bwino kenaka n'kuyamba kubwerera kapena kuvinavina marevu akuyandikira pamwamba, lamba akuterereka. Tsegulani boneti muyang'ane pakhosi pa supachaja ndi pa mabulaketi oyandikana nayo. Fumbi lakuda lonyata, longa mwaye, ndi mpira wa lamba umene ukuperepeseka. Nthiti za lamba woterereka zimasalala n'kumanyezimira, ndipo nthawi zina mumamva fungo la mpira wopsa. Si lamba aliyense woterereka amalira, choncho musadalire khutu lokha.

Pali zinthu zitatu zimene zimanamiza amisiri pano. Choyamba ndi mpweya wothawira pa paipi kapena pa mphira za intakula, ndiponso valavu yolambalalitsa mpweya ikamalephera kutseka kwathunthu. Zonsezi zimatsitsa busiti lamba ali bwinobwino. Chachiwiri ndi kutalika kwa malo. Lilongwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, Johannesburg ali pafupifupi mamita 1,750, ndipo kumalo okwera mpweya ndi wopepuka. Nambala imene wogulitsa pule wa ku Britain walonjeza simungaipeze yonse kuno. Chimene muyenera kuyang'ana ndi mmene singano ikuyendera, osati nambala yokha. Chachitatu ndi matenda odziwika a R53: pule ya kilankishafiti ili ndi mpira pakati pa chitsulo cham'kati ndi chakunja, ndipo mpirawo ukafooka chitsulo chakunja chimatsalira m'mbuyo ngakhale lamba wagwira. Lembani mzere wa penti wodutsa zitsulo zonse ziwiri, yendetsani galimoto, muyang'anenso. Mzere ukaduka pakati, mukufunika pule ina ya pansi, ya kilankishafitiyo, ndipo lamba watsopano sakuthandizani.

2. Tsekani zodontha, yeretsani mapule. Oyilo wochokera pa siyilo ya kutsogolo kwa kilankishafiti, kapena madzi a mu radiyeta, akangofika pa nthiti za lamba, lambayo watha ntchito. Musamuchape n'kumubwezera. Konzani podonthapo, tsukani ngalande za pule iliyonse ndi mankhwala otsukira mabuleki ndi burashi yolimba mpaka mpira wakale wonse utachoka, kenaka ikani lamba wina. Mankhwala opopera pa lamba kuti asiye kulira asafike pagalimoto yotere. Amatontholetsa phokoso kwa kanthawi, kenaka amakoka fumbi, ndipo fumbi la m'misewu yathu likasakanikirana nawo limadzaza ngalande zija.

3. Pezani lamba wa kutalika koyenera. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, chifukwa amaika pule yaing'ono n'kubwezera lamba wa muyezo wakale. Pule ikachepa njira ya lamba yafupika, ndiye tenshona, kachipangizo ka sipuling'i kamene kamakunga lamba, imatambasuka mpaka pafupi ndi mapeto ake, pamene mphamvu yake ndi yochepa. Phunzirani kuwerenga manambala. Lamba wolembedwa 6PK1370 ndi wa nthiti 6, wa mtundu wa PK, wotalika mamilimita 1,370. Kampani ya Gates imalembanso m'mainchesi: K060535 ndi nthiti 6, mainchesi 53.5. Kusiyana kwa mamilimita 10 okha kumasuntha tenshona moonekeratu, choncho gulani malamba awiri kapena atatu oyandikana muyezo muyese, ngati wogulitsa avomera kubweza otsalawo. Wabwino ndi amene akusiya tenshona ili ndi mpata woyendera mbali zonse ziwiri, itapendekera ku mbali yokunga. Pa R53 pali kachitsulo kamabowo kotulukira pamwamba pa sipuling'i ya tenshona. Ngati bowo silikuoneka n'komwe lamba ali pamalo pake, lambayo ndi wamtali kapena watanuka.

Malamba a masiku ano ndi a mpira wa EPDM, umene sung'ambika msanga ngati wakale. Lamba akhoza kuoneka wabwino pomwe nthiti zake zadyeka m'mbali mpaka akukhalira pansonga za pule m'malo molowa mothina m'ngalande. Pali kageji kapulasitiki koyezera kuya kwa ngalande za lamba, kotchipa, ndipo n'koyenera kukhala m'bokosi lanu. Pa galimoto yosinthidwa gulani lamba wa kampani yodziwika kwa wogulitsa amene mumamukhulupirira. Malamba okhala ndi ulusi wa aramidi m'kati, monga Gates RPM, satanuka kwambiri akakokedwa mwadzidzidzi, ndipo ndalama yake ndimaiona kuti ndi yoyenera.

4. Yesani tenshona lamba atachotsedwa. Iyendetseni ndi chida chake kuchokera mbali ina kufika mbali ina: iyende mosalala, mosagwiragwira, ndipo ibwerere mwamphamvu. Zunguzani kagudumu kake ndi dzanja mumve ngati beling'i ikukhetekera. Tenshona ya R53 ili ndi kashokabu kakang'ono pambali pa sipuling'i, ndipo kakafooka dzanja la tenshona limadumphadumpha posintha magiya, lamba n'kumamasuka pa nthawi yomwe akufunika kugwira. Ngati galimoto yayenda zaka zambiri ndi tenshona yomweyo, sinthani yonse. Sipuling'i yakeyo ndi yamphamvu zedi. Ikhomeni ndi pini musanalowetse zala.

5. Onani kulunjika. Pule yatsopano ikakhala panja kapena m'kati pang'ono chabe poyerekeza ndi ya pansi, lamba amalowa chopendekeka, nthiti zina zimanyamula katundu zokha zina zikungotsatira, ndipo m'mphepete mumayamba kunyotsoka ulusi. Pule yoyambirira ya Eaton ndi yokanikizira pa shafiti, pamene zambiri zogula padera zimamangidwa ndi timabawuti, choncho n'zosavuta kuisiya pamalo olakwika. Musanachotse yakale yezani mtunda kuchokera pa nthiti yoyamba kufika pa thupi la supachaja, mulembe. Mukamaliza gonekani lula yachitsulo yowongoka, kapena chida cha leza ngati muli nacho, ndipo muyerekeze ngalande, osati milomo ya mapule, chifukwa milomo imasiyana kuchindikala. Injini ikulira pang'onopang'ono, thirani timadzi ndi botolo lopopera ku mbali ya nthiti, manja ndi malaya zili kutali. Phokoso likazimirira kwa kanthawi n'kubwerera, vuto ndi kulunjika. Likakula, lamba ndi wosakungika mokwanira.

6. Wonjezerani kukulunga. Ngati zonse zapamwambazi zili bwino koma busiti ikutsikabe, mankhwala enieni ali pano. Amene anagwirapo ng'ombe yamphamvu ndi chingwe amadziwa kuti ukazunguza chingwecho pamtengo, dzanja limodzi limakwana, ndipo ukachizunguzanso mwana akhoza kuigwira. Lamba pa pule amatsata lamulo lomwelo: kugwira kwake kumachulukitsika ndi ngodya imene wakulunga. Tiyerekeze kuti pa madigiri 90 mbali yokoka ya lamba ikhoza kukungika kawiri kuposa mbali yomasuka asanayambe kuterereka. Pa madigiri 180 kudzakhala kanayi, pa madigiri 270 kasanu n'katatu. N'chifukwa chake madigiri 20 kapena 30 owonjezera amatha kuchita zimene kukunga kwamphamvu kwalephera, popanda kulemetsa beling'i iliyonse.

Kukulungako kumawonjezeredwa ndi aidila, gudumu losayendetsa kanthu limene ntchito yake ndi kupotoza njira ya lamba. Mukhoza kuika aidila yokulirapo m'malo mwa imene ilipo, kapena kuwonjezera ina pafupi ndi pule ya supachaja kuti ikankhire msana wa lamba m'kati. Eni Ford Mustang Cobra ya 2003 ndi 2004, imene ili ndi Eaton M112 ndi lamba wa nthiti 8, amachita zimenezi kawirikawiri akachepetsa pule ya pamwamba, ya supachaja. Aidila ikhale pafupi ndi pule, chifukwa ikatalikira ngodya siisintha kwenikweni. Isakhale yaing'ono kwambiri, popeza lamba akapindidwira chagada mothina amatentha n'kutha msanga, nayonso beling'i yake imathamanga mopitirira. Bulaketi yake ikhale yachitsulo chochindikala, yomangidwa pa mabawuti osachepera awiri. Bulaketi yowotcherera mwachangu imaoneka yowongoka injini ili chete, koma imapindika busiti ikafika, ndipo imataya lamba. Siyani mpata pakati pa mbali ziwiri za lamba kuti zisakhudzane zikamagwedera. Ndipo kumbukirani kuti aidila iliyonse yatalikitsa njira, ndiye muyezenso kutalika kwa lamba. Pa R53 malo ndi opanikizika kwambiri moti njira imeneyi ndi yovuta; kumeneko mudalira lamba woyenera ndi tenshona yamoyo, ndipo musatsikire ku mapule ang'onoang'ono kwambiri.

7. Ganizirani zokulitsa pule ya pansi. Liwiro la supachaja limapezeka pogawa kukula kwa pule ya kilankishafiti ndi kukula kwa pule ya supachaja, n'kuchulukitsa ndi marevu a injini. Liwiro lomwelo mukhoza kulipeza pokulitsa ya pansi m'malo mochepetsabe ya pamwamba, ndipo lamba amakhala ndi pogwira pokwanira. Koma ngati lamba yemweyo akuyendetsanso olteneta ndi kompuresa ya eyakoni, nazonso zithamanga kwambiri. Werengani liwiro la chilichonse pa marevu apamwamba, muyerekeze ndi malire amene wopanga anaika.

8. Njira zodula zikhale zomaliza. Kuchoka pa nthiti 6 kupita pa 8 kumathandiza ndithu, koma kumafuna kusintha pule iliyonse imene lambayo akudutsa. Mapule okhakhala kapena odulidwa timipata topingasa amagwira bwino, koma amadya lamba, ndipo mwini galimoto auzidwiretu kuti azisintha pafupipafupi. Lamba wa mano saterereka konse, n'chifukwa chake ndi wa galimoto zampikisano: kugwedezeka konse kwa posintha giya kumapita molunjika ku shafiti ndi magiya a supachaja. Pa galimoto yoyendera tsiku ndi tsiku sindimulimbikitsa.

9. Tsopano za kukunga. Pa makina okhala ndi tenshona ya bawuti, tsatirani muyezo wa wopanga ndipo muyeze ndi geji, osati ndi chala. Lamba watsopano amakhazikika m'ngalande akangoyamba ntchito, ndiye muyezenso injini itayenda n'kuzizira. Mukapyola muyezo, katundu amagwera beling'i ya pakhosi pa supachaja, ya olteneta ndi ya kutsogolo kwa kilankishafiti, ndipo chilichonse mwa zimenezi n'chodula kuposa lamba. Pa tenshona ya sipuling'i musaike lamba wamfupi mpaka dzanja lake litagunda mapeto, chifukwa silingathenso kumeza kugwedezeka.

10. Musapereke makiyi musanayeze mafuta. Ngati kompyuta ya galimoto inakonzedwa lamba akuterereka, inakonzedwera mpweya wochepa. Lamba akagwira, busiti ya pamwamba imakwera, mpweya umatenthanso kwambiri, ndipo injini ikhoza kuperewera petulo n'kuyamba kugogoda pamarevu omwe kale inali yotetezeka. Bwerezani ulendo woyesa uja muli ndi geji ya busiti, geji yoyeza kusakanikirana kwa mpweya ndi petulo, ndi makina owerengera kompyuta kuti muone ngati ikubweza nthawi ya moto. Zikakayikitsa, galimoto ipite kwa wokonza kompyuta isanathamangitsidwe. Muuzenso mwini R53 kuti pampu ya madzi ya galimoto yake imayendetsedwa ndi magiya a kumbuyo kwa supachaja. Lamba akaduka madzi amasiya kuzungulira nthawi yomweyo, choncho nyali ya batire ikayaka mphamvu n'kutsika mwadzidzidzi, aime pambali azimitse injini, asayese kukafika kunyumba. Muikireni lamba wina wa nambala yomweyo m'buti, ndipo nambalayo muilembe pa khadi la ntchito.