MAFUPA A M'THUPI LA MUNTHU

Womanga nyumba ayamba wazika nsici, pambuyo pace namata dothi. Thupi la munthu liri cimodzimodzi: mafupa ndiwo nsici zace. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206. Khanda liri nawo oposa pamenepo, koma ena amalumikizana pomakula.

Nchito za mafupa ziri zitatu. Yoyamba ndiyo kuimiritsa thupi kuti liyende ndi kunyamula katundu. Yaciwiri ndiyo kuchinjiriza ziwalo zofewa: cigaza cisunga bongo, ndipo nthiti 24 zichinga mtima ndi mapapu. Yacitatu ndiyo kupanga mwazi, umene upangika m'mafuta a m'kati mwa mafupa.

Fupa liri ndi moyo, ndipo likathyoka limalumikizananso lokha. Cifukwa cace mwana akagwa mu mtengo wa mango nathyoka mkono, anthu asaukoke iai. Aumange pakati pa timitengo tiwiri toongoka, namtengere msanga ku cipatala ca ku Chadiza. Akacedwa, fupa lingapole lokhota, ndipo mwanayo adzalephera kugwira khasu bwino.

MAFUNSO
1. Chulani nchito zitatu za mafupa.
2. Kodi nthiti zichinga ciani?