BAWO NDI MASAMU

M'midzi yambiri ya m'Malaŵi muno, makamaka m'mbali mwa nyanja, si chachilendo kupeza amuna aŵiri atakhala pansi pa mtengo wa mango, thabwa lili pakati pao, ndipo anthu ena ataŵazinga. Onse ali chete. Chomveka ndi kulira kwa njere zokha, khophokhopho, pamene zilikugwera m'timaenje. Amuna ameneŵa alikuseŵera bawo.

Dzina lakuti bawo linachokera ku Chiswahili, ndipo m'chinenero chimenecho mau akuti bao atanthauza thabwa. Kale Ayao ankayenda maulendo amalonda kupita kugombe la nyanja yamchere, kumene ankakumana ndi Aswahili. Nchifukwa chake bawo la kuno lifanana kwambiri ndi la ku Zanzibar m'dziko la Tanzania. Maiko ena ali ndi maseŵera ao a mtundu womwewu. Ku Zambia kuli nsolo, ku Zimbabwe kuli tsoro, ku Uganda kuli omweso. Ku Ghana amaseŵera oware pa thabwa la mizere iŵiri yokha, la timaenje 12 ndi njere 48.

Thabwa la bawo lili ndi mizere inayi, ndipo mzere uliwonse uli ndi timaenje 8. Timaenje tonse ndi 32. Njere zoseŵerera ndi 64. Munthu aliyense amatenga mizere iŵiri ya kumbali kwake, ndiye kuti timaenje 16 ndi njere 32.

Bawo la akuluakulu lili ndi malamulo ambiri ovuta, koma alipo maseŵeredwe apafupi amene ana angayambire. Poyamba amaika njere ziŵiri m'kadzenje kalikonse. Woseŵera amatapa njere zonse za m'kadzenje kamodzi, nayamba kuziponya imodziimodzi m'timaenje totsatira, mozungulira mizere yake iŵiri ija. Njere yomaliza ikagwera m'kadzenje kopanda kanthu, munthuyo wagona, ndipo mnzake ndiye amaseŵera. Ikagwera m'kadzenje momwe muli njere zina, amatapanso zonsezo napitirira. Koma ngati kadzenjeko kali mu mzere wakutsogolo, ndipo moyang'anana nako muli njere za mnzake, amatenga njerezo nkuziloŵetsa kumbali kwake. Kumeneko ndiko kudya. Wogonja ndi amene mzere wake wakutsogolo watha psiti, kapena amene wasoŵa poseŵera.

Apa ndi pamene pagona masamu. Katswiri wa bawo saponya njere mwachisawawa ai. Asanakhudze thabwa amayamba waŵerenga mumtima kuti njere yake yomaliza ikathera pati, kuti akatapa zingati pamenepo, ndi kutinso zimenezo zikamfikitsa kuti. Akaphonya ndi njere imodzi yokha, amagona panjira, ndipo mnzake amamudya njere zimene anavutika nazo kusonkhanitsa. Nkhalamba zina zimene sizinapondepo m'kalasi zimatha kuŵerenga motere mwamsanga kuposa mwana wa sukulu wogwira pensulo ndi kope.

Nachi chitsanzo. Mwana ali ndi njere 16 m'kadzenje kamodzi. Popeza timaenje take nato ndi 16, iye adzazungulira mizere yonse iŵiri, ndipo njere yomaliza idzagwera m'kadzenje komwe anatapa kaja. Kadzenjeko nkopanda kanthu, tsono adzagona. Nanga njerezo zikakhala 19? Wosadziŵa adzayamba kuloza timaenje ndi chala kufikira 19, mwina nkusokonezeka panjira. Wochenjera amangochotsa 16 pa 19, nkutsala 3. Pompo adziŵa kuti njere yomaliza idzagwera m'kadzenje kachitatu, ndipo kuti sadzagona, pakuti m'menemo adzakhala ataponyamo kale njere paulendo woyamba. Mwana ameneyu wachita samu ya kugaŵa ndi zotsala, chinkana iye akuti alikungoseŵera.

Thabwa losema bwino ndi la mtengo wapatali, koma sukulu siyenera kudikira thabwa. Ana angathe kukumba timaenje panja pamthunzi, monga amachitira poseŵera ntchuwa. Nyengo ya dzinja, pamene pansi pali matope, aphunzitsi amajambula mizere inayi ya timabwalo pa pepala lalikulu kapena pa katoni, ndipo gulu lililonse limakopera lake. M'malo mwa njere zenizeni za bawo, timiyala, chimanga kapena nthanga za bwemba zimagwira ntchito. Nkofunika kuziŵerenga poyamba ndi pomaliza, chifukwa ikasoŵa imodzi maseŵera amayamba ndi mkangano.

Alipo makolo ena amene sakondwa kuona mwana ali pa bawo, ndipo sangaŵadzudzule munthu. Iwo anaonapo amuna atakhala pathabwa kuyambira m'maŵa mpaka dzuŵa kuloŵa, udzu ulikumera m'munda. Kusukulu bawo lili ndi nthaŵi yake yoikika. Belu likalira, njere zimabwerera m'chitini, katoni nkupachikidwa pakhoma.

MAFUNSO

1. Kodi mau akuti bawo anachokera ku chinenero chiti, ndipo atanthauzanji?
2. Tchulani maseŵera ofanana ndi bawo a ku Zambia ndi a ku Uganda.
3. Fotokozani kusiyana kwa kugona ndi kudya pa maseŵera a bawo.
4. Pa thabwa la oware timaenje tonse timayamba ndi njere zofanana kuchuluka kwake. Kodi m'kadzenje kamodzi mumakhala njere zingati?
5. Mtsikana watapa njere 21. Kodi njere yake yomaliza idzagwera m'kadzenje kachingati?
6. Nchifukwa ninji makolo ena sakondwa ndi bawo?

NTCHITO

(a) Pangani ziganizo ndi mau aŵa: mwachisawawa, psiti, katswiri, chinkana.
(b) Khalani aŵiriaŵiri, jambulani thabwa la bawo pa katoni, ndipo museŵere. Musanaponye njere, uzani mnzanu kadzenje kamene njere yomaliza idzagwere.
(c) Kafunseni agogo kapena amalume anu malamulo a ntchuwa ya kwanuko, ndipo mukaŵalembe m'kope mwanu.