CIFUKWA CACE KWACHA IMAGWA, NDI ZIZINDIKIRO ZACE

Mlimi wa ku Nsaru kapena ku Kabudula akapita ndi mabelo ace a fodya ku Kanengo, ogula amachula mtengo m'madola a ku America. Madola amenewo ndiwo amene dziko limagulira zinthu za kunja, monga fetereza, mafuta a galimoto ndi mankhwala a m'cipatala, pakuti ogulitsa a kunja salandira Kwacha ai. Tsono madola olowa akacepa, koma ofuna kugula kunja ali ambiri, dola imakwera mtengo monga cimanga m'mwezi wa February. Kugwa kwa Kwacha ndi kumeneko.

Zinatero m'caka ca 2011. Fodya anabweretsa madola osakwana 300 miliyoni, pamene caka ca 2010 anapitirira 400 miliyoni. Caka comweco Britain ndi maiko ena anaimitsa thandizo lao la ndarama. Koma Boma linaumirira kuti dola ikhale pa K167, ngakhale madolawo kunalibe. Mu May 2012 Reserve Bank of Malawi inaumasula mtengowo, ndipo tsiku limodzi dola inafika pa K250. Zinabwerezanso mu November 2023, pamene inacoka pa K1,180 nifika pa K1,700.

Cifukwa cina ndi ngongole. Boma likamaononga ndarama zoposa msonkho, nilikongola ku Reserve Bank, Kwacha imacuruka m'manja mwa anthu pamene katundu ali yemweyo.

Kugwa kumeneku sikudza mwadzidzidzi, ndipo munthu wa kumudzi angathe kukuona kuli patali. Cizindikiro cacikuru ndi mitengo iwiri ya dola: wa ku banki, kumene dolayo sipezeka, ndi wa osintha ndarama m'misewu, umene uli pamwamba kwambiri. Mitengo iwiriyi ikamatalikirana mwezi ndi mwezi, tsiku layandikira. Cina ndico mizere ya magalimoto pa malo omwetsera mafuta, ndi kukwera kwa mtengo wa ulendo wocokera ku Namitete kapena ku Mpingu kunka ku Lilongwe. Eni masitolo nawonso amayamba kubisa katundu, kudikira mtengo watsopano.

Madola amasowa koposa msika wa fodya utatsekedwa, ndiyo nthawi yomwe alimi afuna fetereza. Mlimi wa ku Nambuma amene asunga ndarama za fodya m'citini kufikira mvula yoyamba angapeze kuti za matumba asanu zikugula atatu okha. Woona zizindikirozi acita bwino kugula fetereza ndi mbeu atangolandira ndarama zace, nazisunga pouma.