Kodi feteleza wa urea ndi "organic"?

Munthu ku Area 49 akati masamba ake ndi "organic", amatanthauza kuti anathira manyowa, osati feteleza wa m'sitolo. Koma mu Chemistry nkhani ndi ina.

Kale akatswiri ankati "organic" ndi zinthu zopangidwa m'thupi la chamoyo basi. Mu 1828, Friedrich Wöhler wa ku Germany anapanga mu labotale urea, yemwe amapezeka mu mkodzo. Pang'onopang'ono tanthauzo linasintha. Lero mawuwa amanena za makompaundi a carbon monga shuga, palafini ndi pulasitiki, kupatula ochepa ngati carbon dioxide.

Ndiye taonani: kwa mlimi urea si "organic", koma mu Chemistry ndi "organic". Pa MSCE, funso la Chemistry likatchula mawuwa, musalembe za manyowa. Mukatero, malikisi apita!